Mbuzi yakuba imaphunzitsa ana ake

Amalonda anzanga, makamaka inu a tomato ndi kabichi, mbuzi imene imakutsomphorani katundu pabenchi ija sinayambe yokha khalidwe limenelo ayi. Inaonera kwa make. Paja akulu anati make mbuu, mwana mbuu.

Ine ndinakulira ku Chileka, kufupi ndi bwalo la ndege. Mbuzi zakwathu ndege ikamatera sizidzutsa nkomwe mutu, zimangodya msipu, ndipo tiana take timatengera pomwepo. Koma mbuzi imene bambo anga anakagula ku Lirangwe inadula chingwe tsiku loyamba kumva mkokomowo. Chonsecho kwawoko malole a pamsewu wa M1 amaidutsa pafupi iyo osatekeseka. Chiweto chimaopa zimene make amaopa.

Izitu si nkhambakamwa. Pachilumba cha Koshima ku Japan, m'chaka cha 1953 pusi wamkazi wotchedwa Imo anayamba kutsuka mbatata m'madzi asanadye. Anzake anaonera, kenaka ana obadwa pambuyo pake anakula akutsuka mbatata ngati mwambo wa makolo.

Zinanso zimaoneka kuti zimadzera m'magazi. M'chaka cha 2013, a Brian Dias ndi a Kerry Ressler a payunivesite ya Emory ku America anaphunzitsa mbewa zazimuna kuopa fungo lina lake pozimenyetsa magetsi kumapazi. Ana ndi zidzukulu za mbewazo zinkadzidzimuka msanga ndi fungo lomwelo, ngakhale sizinakule ndi abambo awo. Akatswiri akadakanganabe kuti zimenezi zimatheka bwanji.

Tsono inu amene mukufuna kuika kapito wanu pa mbuzi yoweta, musamangoifinya msana nkuyamba kunenerera mtengo. Funsani za make. Kodi ankalumpha khola? Ankalowa m'minda ya eni? Mukagula mwana wa mbuzi yotero mwagula milandu, ndipo phindu lonse lidzathera kulipira chimanga cha anthu kubwalo la amfumu.

Nanunso apamsika, lekani kutaya makoko a nthochi ndi masamba ofota pafupi ndi benchi. Kumenekotu nkutsegulira mbuzi sukulu yaulere. Lero mwadyetsa imodzi, chaka chamawa ibwera ndi ana awiri odziwa kale pamene pali mulu wa tomato wanu, eti ndiye mudzadandaulira yani?