Kubweza Makiyi kwa Eni Ake

Anthu ambiri amadziwa katsegulidwe ka bizinesi. Amafunsa nzeru kwa akuluakulu, amasankha dzina lokoma, amalembetsa chikwangwani, ndipo ena amaitana Shehe kuti adzachite duwa pa tsiku loyamba. Koma ndi ochepa amene adaphunzitsidwapo katsekedwe kake. Kawirikawiri bizinesi kwathu kuno imangozilala ngati moto wa mapesi: chitseko chimakhala chotseka sabata imodzi, kenako mwezi, mpaka anthu amaleka kufunsa. Ine ndidatseka kampani yanga ya zamakompyuta m'chaka cha 2024 nditalembedwa ntchito yokhazikika, ndipo zimene ndidaona m'miyezi imeneyo ndi zomwe ndikufuna kugawana nanu, abale ndi alongo.

Kwathu ndi ku Phalula, m'boma la Balaka, pa msewu wa M1 pakati pa Zalewa ndi Chingeni. Kampaniyo ndidailembetsa mu 2017 ku ofesi ya Registrar General ku Blantyre, motsatira lamulo la makampani la 2013, limene limalola munthu mmodzi kukhala mwini komanso woyendetsa kampani. Sindidailembetse pofuna dzina ayi. Mabungwe ambiri sapereka kontrakiti kwa munthu wongobwera ndi chikwama cha zida. Amafuna satifiketi ya kampani, nambala ya msonkho ya TPIN, ndi kalata ya bungwe la MRA yotsimikiza kuti ulibe ngongole ya msonkho. Ndili ndi mapepala amenewa ndidayamba kuyala mawaya a netiweki, kuika ma router, kukonza makompyuta ndi kusamalira mafayilo m'masukulu, m'zipatala zing'onozing'ono ndi m'maofesi a mabungwe, kuyambira ku Balaka mpaka ku Liwonde, Ntaja ndi Mangochi.

Moyo wa makontrakiti uli ndi kukoma kwake. Ndinkadzilamulira ndekha. Mvula ikagwa ndinkakhala kumunda, maliro akachitika sindinkapempha chilolezo kwa munthu, ndipo pa msika wa Phalula anthu ankandiitana kuti a Dayirekita. Koma akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa ntchito ya K1,000,000, bungwe lolipira linkayamba lachotsa K200,000 ya msonkho wa withholding, umene ndi 20 peresenti pa ntchito zamtundu wathu. Ndalamayo siitayika, chifukwa imadzawerengedwa pa msonkho wa chaka, koma pa tsiku limene ukufuna kugula zipangizo za ntchito yotsatira imakhala kulibe. Yotsalayo nthawi zina inkabwera patapita miyezi iwiri kapena itatu chiperekere invoisi.

Chimene chidathyola msana wa ambiri a ife ndi kugwa mphamvu kwa kwacha. Mu Meyi 2022 idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Pafupifupi chida chilichonse cha ntchito yathu chimachokera kunja. Chipangizo cha madola 100, chimene dzulo lake chinali K118,000, chidadzuka chili K170,000, pamene mtengo wa pa kontrakiti udali utasainidwa kale. Munthu unkagwira ntchito mwakhama, n'kuitsiriza bwino, koma powerengera n'kupeza kuti wagwirira ogulitsa zipangizo.

Choncho bungwe lina la zaumoyo m'boma la Machinga litandiitana kuti ndikhale wosamalira makompyuta awo, ndidakhala pansi ndi mayi a ana anga n'kuyamba kuwerengera. Malipiro a pamwezi anali ochepa poyerekeza ndi mwezi wabwino wa makontrakiti, koma miyezi yabwinoyo inali ingati pa chaka? Pa ntchito yolembedwa, lamulo la penshoni limalamula olemba ntchito kuika 10 peresenti ya malipiro, wantchito n'kuikapo 5 peresenti. Lamulo la zantchito la 2000 limapereka masiku 15 a tchuthi pa chaka kwa wogwira masiku asanu pa sabata, ndiponso munthu akakwanitsa miyezi 12 amakhala ndi masabata 4 a matenda akulandira malipiro onse ndi ena 8 akulandira theka. Mayiwo adangofunsa funso limodzi: "Bambo, m'zaka zonsezi, mukadagona m'chipatala miyezi iwiri, invoisi akadalemba ndani?"

Amalume anga sadakondwe. "Iwe mphwanga," adatero, "nkhuku yodzipalasira yokha ukuipititsa m'khola kuti izikadikira madeya?" Ndidawayankha kuti, "Amalume, mwanena zoona, koma pabwalo pauma." Mawu awo sindidawapeputse, pakuti chimene ndidataya n'chenicheni. Lero ndimalemba kalata ndikafuna kupita ku ukwati, ndipo kuli makasitomala amene ndidawapeza movutikira omwe tsopano ali m'manja mwa ena.

Anzanga ambiri adandilangiza kuti kampani ndisaitseke, ndingoisiya igone, mwina ndizigwirako tintchito Loweruka. Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Pamaso pa lamulo kampani ndi munthu payokha, wosiyana ndi mwini wake. Sifa chifukwa mwini waleka kupita ku ofesi. Malinga ngati dzina lake lili m'kaundula, imayenera kupereka malipoti a chaka ndi chaka kwa Registrar ndi kwa MRA, ndipo zikalekedwa zilango zimaunjikana mwakachetechete. Palinso china: bungwe limene landilemba ntchito limagula zipangizo zomwezo zimene kampani yanga inkagulitsa. Kodi tsiku lina ndikadzafunsidwa kuti tigule kuti, ndidzayankha monga wantchito kapena monga wamalonda? Mapanga awiri avumbwitsa.

Tonse tidaimapo pa janaza n'kumva wachibale akulengeza kuti aliyense amene womwalirayo anali naye ngongole abwere akumane ndi banja. Timatero chifukwa timadziwa kuti ngongole siikwiriridwa pamodzi ndi mwini wake. Ndidapeza kuti lamulo la makampani limayenda m'njira yofanana. Kampani isanafufutidwe m'kaundula, iyenera kuleka malonda, kulipira onse amene ili nawo ngongole, kukonza nkhani zake za msonkho, ndipo pamaperekedwa chidziwitso kuti amene ali ndi dandaulo abwere poyera. Ndidalemba mndandanda uwiri, wa amene ndinali nawo ngongole ndi wa amene anali nayo kwa ine. Woyambawo ndidaumaliza ndisanayambe kulondola wachiwiri. Ndidasonkhanitsa masatifiketi onse a withholding, ndidapereka lipoti lomaliza kudzera pa Msonkho Online, ndipo akaunti ya kubanki ndidaitseka pomalizira penipeni, chifukwa ndalama zochedwa zimafuna pofikira.

Pa mndandanda woyambawo dzina lolemera kwambiri linali la mnyamata amene adagwira nane ntchito zaka 4. Lamulo limati wantchito wochotsedwa chifukwa ntchito yatha alandire malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse chimene wagwira, m'zaka zisanu zoyambirira. Ake adakwana masabata 8, kuphatikizapo mwezi wa notisi ndi masiku a tchuthi amene sadapume. Kuti ndalamayo ikwane ndidagulitsa njinga yamoto ya kampani. Ndidamusiyira makwerero, mita yoyezera mawaya ndi kalata yomuchitira umboni, ndipo ndidapita naye kwa makasitomala atatu kukanena pamaso pawo kuti, "Uyu ntchito amaidziwa, ndipo dzanja lake ndi loyera."

Ngongole yomaliza siinali ya ndalama. Munthu wa zamakompyuta amasunga makiyi a eni ake. Mu laputopu yanga munali mawu achinsinsi olowera m'makompyuta a maofesi oposa khumi, maimelo a akuluakulu a sukulu, ndi makope a mafayilo okhala ndi mayina a odwala ndi malipiro a antchito. Eni ake ambiri sankadziwa n'komwe kuti ndili nazo. Mu 2024 dziko lathu lidakhazikitsa lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, limene limayang'aniridwa ndi MACRA, koma ife dzina la chinthu chotere tidalidziwa kale: ndi amana, chosungitsidwa. Ndidayenda ofesi ndi ofesi, kupereka envulopu yomata kwa mkulu wa pamalopo, kukhala naye pansi mpaka atasintha mawu achinsinsi onse ine ndikuyang'ana kumbali, kenako kufufuta makope anga iye akuona. Mphunzitsi wamkulu wina adaseka nati, "Achimwene, ife timakukhulupirirani, zisungeni." Ndidamuuza kuti chikhulupiriro chimenecho n'chimene chikundikakamiza kubweza.

Ntchito yonseyi idatenga miyezi yambiri ndi maulendo angapo a ku Blantyre, ndipo palibe amene adandiombera m'manja. Koma tsopano ndikakwera minibasi ya ku Liwonde m'mawa, palibe munthu pa siteji amene ndimamubisira nkhope. Sindikunena kuti kulembedwa ntchito kumaposa kudzilemba wekha. Riziki amagawa ndi Allah, ndipo amalipereka kudzera pa makomo osiyanasiyana. Mwina tsiku lina, Insha Allah, ndidzalembetsanso kampani ina, ndipo pa tsikulo a MRA, ogulitsa zipangizo ndi makasitomala akale adzayang'ana mmene ndidatsekera yoyamba. Inu amene muli ndi okala, shopu ya mafoni kapena bwato pa nyanja, ndipo mukuganiza zosiya kuti mukalowe ntchito, yambani mwatenga pepala n'kulemba mayina a anthu onse amene chinthu chawo chili m'manja mwanu.