Mpweya wa m'matayala ndi tulo ta anansi

Bambo anga anachoka kwathu ku Katete akali mnyamata, pa nthawi imene mzinda uno unkatchedwa Broken Hill, ndipo anagwira ntchito pansi pa mgodi wa mtovu kufikira pamene unatsekedwa m'chaka cha 1994. Ntchito yawo inali yobowola thanthwe ndi chitsulo choyendera mpweya wopanikizidwa. Anatulukamo ndi manja onjenjemera ndiponso makutu ogontha, kotero kuti polankhula nawo tinkachita kukuwa ngati tikuitana munthu wa tsidya la mtsinje. Ndinakula ndikudziwa kuti mpweya uli ndi mphamvu, komanso kuti phokoso limamudya munthu pang'onopang'ono. N'zochititsa manyazi tsono kuti mwana wa bambo oterewa ndiye anadzasanduka wosokosera anansi ake kuno ku Nakoli.

Ndili ndi kagalimoto konyamula katundu ka mtundu wa Suzuki Carry, kamene kanafika kuno katatopa kale ndi misewu ya ku Japan. Injini yake ili pansi pa mpando, ndipo matayala ake ndi aang'ono. Banja langa limadyera pamenepo. Kawiri pa mlungu ndimanyamuka tambala woyamba kukatenga tomato, kabichi ndi chimanga kumidzi ya kwa Mukonchi, katundu wa amayi ogulitsa pamsika.

M'chaka cha 2024 mvula inakana, madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika, ndipo magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse. Anyamata omata matayala m'mbali mwa msewu, amene makina awo amadalira magetsi, ankangokhala manja ali lende. M'mawa wina ndinaona tayala lakumbuyo litafooka. Ndinalimbana nalo ndi pampu ya njinga mpaka thukuta kamukamu, kenaka ndinadzinamiza kuti lakwana. Pobwerera, galimoto itasenza, linaphulika pakati pa tchire. Lapadera linali litaphwa kalekale ine osadziwa. Tomato wa amayi atatu anatandala padzuwa tsiku lonse, ndipo amene anafika pamsika anali woyenera kupatsa nkhumba. Mmodzi wa amayiwo ndalama ya tomatoyo anachita kukongola.

Ambirife timaganiza kuti tayala limaphulika likadzaza kwambiri, pamene kawirikawiri lophulika ndi lofooka. Likachepa mpweya limapindika m'mbali nthawi iliyonse pamene likuzungulira, kupindikako kumabala kutentha, ndipo kutenthako kumalekanitsa mphira ndi nsalu ndi timawaya ta m'kati. Katundu akachuluka, zimafulumira. Mafuta nawonso amatha msanga.

Mlungu womwewo ndinagula kakompresa kotsika mtengo, kaja kolumikiza pa bowo loyatsira fodya. Kanali kakang'ono ngati buledi, koma kulira kwake ngati chigayo. Ine ndinali wokondwa. Mbandakucha uliwonse wa ulendo ndinkazungulira nako matayala onse anayi, osakumbukira kuti ku Nakoli khoma la nyumba yanga ndi zenera la mnzanga zimasiyana mapazi ochepa chabe.

Madzulo ena mayi a nyumba yoyandikana nafe anafika, nakhala pansi pafupi ndi khomo. Atatha malonje anati: "Aphunzitsi, pepani, si mlandu ayi. Koma odwala athu aja usiku wonse amakhala akutsokomola, tulo timawapeza mbandakucha. Makina anu akangoyamba amadzidzimuka, basi sagonanso." Anali atapirira milungu itatu asanabwere. Ine amene ndinkapita kukawaona odwalawo masana, ndi mawu okoma a chitonthozo, ndinali yemwe ndinkawalanda tulo usiku. Ndinasowa poyang'ana.

Kakompresa kaja sikanachedwe kudziweruza kokha: pulagi yake inasungunuka, chifukwa bowo la fodya fyuzi yake nthawi zambiri imakhala ya maampu 10 kapena 15, ndipo mawaya ake ndi oonda. Mutu umodzi susenza denga, choncho ndinapita kwa mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene ndi makaniko.

"Amalume," iye anatero, "phokoso limeneli lili ndi makomo atatu." Loyamba ndi pisitoni yaing'ono imene imathamanga mopenga kuti ipope mpweya wochepa, kompresa ya pisitoni yokulirapo, yoyenda modekha, imalira motsika. Lachiwiri ndi pakamwa pamene makina amakokera mpweya. Lachitatu, limene ine sindikanaliganizira, ndi galimoto yeniyeniyo: ukamangirira makina onjenjemera pa chitsulo chopyapyala, wapanga ng'oma.

Anaimanga pansi pa thandala la katundu, pa chitsulo cholimba cha chasisi, ndi mphira wochindikala pakati. Anaitchinga ndi kabokosi kuti matope asaifike, koma anasiya mipata, poti mpweya ukamapanikizidwa umatentha ndipo makina otsekeredwa amapsa. Pakamwa pake analumikizapo paipi yokhala ndi sefa, naipititsa kuseri kwa mpando. Zimenezi zinachepetsa kulira, komanso zinaiteteza ku fumbi, limene limapala pisitoni ngati msasa. Waya wonenepa anautenga ku batire kwenikweni, fyuzi naiika pafupi ndi batirepo, kuti waya ukakhudzana ndi chitsulo fyuzi iduke galimoto isanayake. Anandilangiza kuti ndiziyatsa injini ikulira, poti batire ya kagalimoto kotere siichedwa kutha, ndiponso kuti ndiziipumitsa ikatentha.

Koma nzeru imene inathetsa mlandu inali thanki ya malita 10, yokhala ndi switchi yozimitsa yokha mpweya ukafika pa mabaa 8, ndi vavu yotulutsa mpweya ukapyola muyeso. Thankiyo ndimaidzaza masana ndili pamsewu waukulu, kumene kulira kwake sikuvutitsa munthu. M'mawa sindiyatsa kanthu. Ndimayeza ndi geji matayala akali ozizira, monga mwa manambala amene opanga galimoto analemba pa kapepala ka pakhomo la dalaivala, ndipo ndimangowonjezera mpweya wosunga uja. Umakwana kuwonjezera onse anayi, kapena kudzutsa limodzi lophweratu. Choposa pamenepo, makina ayenera kulira. Ndichenjezeko abale amene amatola chibotolo chilichonse chachitsulo kudzala n'kuchisandutsa thanki: chitsulo chadzimbiri chikaphulika ndi mpweya chimapha. Ngakhale thanki yabwino imasonkhanitsa madzi m'kati, ndipo kampopi ka pansi pake kayenera kutsegulidwa kawirikawiri. Ine ndimachita Loweruka lililonse.

Mayi a kunyumba sanasangalale. Ndalama imene inapita pamenepo tinkasungira malata a khitchini, ndipo anandikumbutsa kuti tayala lapadera ndikanangoliyang'ana, zonsezi sizikanachitika. Sindinayankhe, chifukwa ananena zoona. Khitchiniyo inadontha dzinja lina lathunthu. Amayi a tomato aja ndinawanyamulira katundu mwezi wonse osawalipiritsa, ngakhale ndikudziwa kuti sizinabweze zonse.

Masiku ano pakhomo panga sipasowa alendo. Kumabwera a njinga zonyamula makala, a mawilibala, ndi ana okhala ndi mpira wophwa, amene amaima mwaulemu kudikira kuti ndimalize kudya. Ndinaika lamulo loti dzuwa likalowa makina sayatsidwa.

Odwala aja anapezako bwino, ndipo tsopano amatha kutuluka kukaothera dzuwa. Tsiku lina ndikutsuka galimoto anandikodola, nandifunsa motsitsa mawu ngati akundipepesa: "Kodi aphunzitsi, makina anu aja munagulitsa chifukwa cha ine?" Ndinawagwira dzanja, tinayenda pang'onopang'ono mpaka pagalimoto, ndipo anawerama kuti aone pansi pa thandala.