Pa Njobvu ndi Linga: Msika wa ku London Umene Unagwetsedwa

Sabata ino tiyeni tisiye khasu pang'ono, tikaone malo ena mu mzinda wa London, ku Mangalande. Mukaoloka mtsinje wa Thames kulowera kumwera, ulendo wa ngati mailo imodzi, mufika pa mphambano yaikuru pamene pakomana miseu yambiri, mabasi ofiira osawerengeka, ndi sitima zoyenda pansi pa nthaka. Malowo achedwa Elephant and Castle, ndiko kunena kuti Njobvu ndi Linga. Musayembekeze kuonako njobvu yamoyo ai. Dzinali linacokera ku nyumba ya alendo imene inali pamenepo kale, masiku a magareta a akavalo, ndipo njobvu yace ndi fano cabe, losenza kalinga pamsana.

Pa nkhondo ya Hitler ndege za Ajeremani zinaphwanya malo amenewa kwambiri, makamaka m'caka ca 1941. Itatha nkhondo akuru a mzinda anamanganso, ndipo mu 1965 anatsegula cinyumba ca masitoro cimene cinali cacilendo masiku amenewo. Taganizani masitoro onse a pa boma panu, ndi ena oonjezera, atalowa pansi pa denga limodzi, ena pansi ena pamwamba, ndi nsanja ya maofesi pamwamba pace. Munali malo a masitoro oposa 100, koma tsiku lotsegulira ocita malonda anali owerengeka. Anthu ambiri a m'London sanacikonde cinyumbaco. Amati ncosaoneka bwino, ndipo ngakhale anacipaka utoto wofiirira m'zaka za m'ma 1990, kunyoza sikunathe.

Koma kunyozako ndiko kunathandiza osauka. Pakuti eni cuma sanafune malowo, lendi inali yocepa, ndipo munalowa anthu a ndarama zocepa ofuna poyambira. Ambiri anali alendo ocokera ku Colombia ndi maiko ena a ku South America, olankhula Cisipanishi; ena anali a ku West Africa ndi a ku zisumbu za Caribbean. Mukanalowamo masiku amenewo mukanamva pfungo la khofi ndi nyama yokazinga, mukanaona ometa tsitsi, osoka zobvala, okonza mafoni, ndi timaofesi totumizira ndarama kwa abale kumudzi. Kunja, m'cigwa cozungulira nyumbayo, kunali msika wa mabenchi, ogulitsa nsaru, masutikesi, zipewa ndi zakudya. Mlendo wofika kumene, wosadziwa Cizungu, amapita kumeneko kukafunsa kumene kuli nchito ndi cipinda cogona, monga umo mnyamata wofika m'tauni afunira munthu wa kwao asanafune cina ciri conse. Pamwamba panali holo ya bingo, masewera ochula manambala, ndipo nkhalamba zambiri zimaswera pamenepo. Ena a iwo sikuti amafuna mphotho. Ku Mangalande kumazizira koopsa, ndipo pa holoyo panali pofunda ndi anzao oceza nao.

Tsono mumve mbali ya Khonsolo ya Southwark, imene iyang'anira dera limeneli, pakuti nayonso inali ndi mau. Nyumbayo inali itakalamba, ndipo mu London anthu osowa nyumba ngambiri. Mu 2013 kampani yochedwa Delancey ndi anzace inagula malowo, ndipo inati idzagwetsa zonse ndi kumanga nyumba zogonamo 979, masitoro atsopano, nyumba yatsopano ya sukulu yaikuru ya London College of Communication, ndi khomo latsopano lolowera ku sitima za pansi. Kodi zotere angakane ndani?

Anthu a pamenepo sanakane kumanga. Funso lao linali lakuti, zikamangidwa adzakhalamo ndani? Ndipo sanafunse mwa umbuli, cifukwa anali ataona kale ndi maso. Kutsidya kwa njanji, pafupi pomwepo, kunali mudzi wa nyumba zosanja wochedwa Heygate, umene Khonsolo inamanga mu 1974. Munali nyumba zoposa 1,200, zambiri za lendi ya Khonsolo, imene munthu wosesa m'maofesi kapena woyendetsa basi akhoza kulipira. Khonsolo inagulitsa malowo kwa kampani ya Lendlease pa mtengo wa mapaundi 50 miliyoni, anthu anasamutsidwa, ndipo pofika 2014 nyumba zonse zinali pansi. Pamalopo panamangidwa nyumba zoposa 2,500, zokongola ndithu, ndi bwalo la mitengo ndi udzu pakati, koma za lendi yocepa ija zinali ngati 100 zokha. Ena amene anali atagula nyumba zao m'Heygate anapatsidwa ndarama zosakwana kugula ina pafupi, cotero anasamukira kutali, kusiya sukulu za ana, chalichi ndi anansi. A m'masitoro aja anaona zonsezi ali pakhomo pao, ndipo sanafune wina wowauza kuti caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Cotero anayamba kuwerenga mapepala a kampani mzere ndi mzere. Anapeza kuti mwa nyumba 979 zija, za lendi yofanana ndi ya Khonsolo zinali 33 zokha. Gulu lina la eni dera linadzicha 35% Campaign, kukumbutsa Khonsolo lamulo lace lomwe, lakuti mwa nyumba 100 ziri zonse zatsopano, 35 zikhale za mtengo umene anthu wamba angathe. Gulu lina, Latin Elephant, linayenda sitoro ndi sitoro, benchi ndi benchi, kulemba maina a ocita malonda, kuti pasakhale wonena pambuyo kuti uje sitimdziwa. Ana a sukulu yaikuru ija nawonso anathandiza. Mu January 2018 makhansala sanabvomereze mapulaniwo monga analiri. Kampani inabwerera, niwonjeza nyumba za lendi yocepa kufika 116, nilonjeza thumba la ndarama zoposa mapaundi 600,000 zothandiza amalonda kusamuka, ndi malo ena ongoyembekezera. Mu July caka comweco Khonsolo inabvomera. Eni dera anakasuma ku bwalo lalikuru la mirandu, koma anagonja mu December 2019, ndipo atacita apilo anagonjanso mu 2021. Onani kuti nyumba 83 zoonjezera zija sizinadze ndi cifundo ca munthu; zinadza cifukwa anthu anawerenga, nafunsa, nabwera ku misonkhano.

Pa 24 September 2020 zitseko zinatsekedwa kotheratu, m'caka comwe ca mliri wa korona, malonda ali ofooka kale. A Latin Elephant anawerenga amalonda ngati 40 amene tsikulo linawapeza alibe kopita, ambiri a iwo a pa mabenchi a kunja aja. Mu 2021 makina anayamba kugumula, ndipo pamene panali holo ya bingo panakwera nsanja zazitali.

Amene anapata malo, ambiri anaikidwa pa Castle Square, timasitoro tosanjikiza kuseri kwa njanji. Kuti muzindikire bvuto lao, ganizani za mai amene wagulitsa tomato zaka makumi awiri pamene paima basi, tsono amuuza kuti asamukire kuseri kwa sukulu. Benchi angampatse labwino kuposa lakale, ndi denga lomwe, koma ogula ace anali anthu otsika m'basi, ndipo basi siima kuseri kwa sukulu. Ndi momwe anadandaulira a pa Castle Square, kuti anthu odutsa ngocepa, makamaka m'masitoro a pamwamba ofuna kukwera makwerero, ndi kuti makasitomala akale ambiri sadziwa kumene iwo anapita. Mbale imodzi ya mpunga ndi nyemba imene kale imagulidwa ndi munthu wothamangira sitima, tsopano inayenera kudikira munthu wodzera dala.

Fano la njobvu lija silinaphwanyidwe. Analicotsa pakhomo pa masitoro akale, nalikonza, ndipo analiimika pa Castle Square pomwepo, pamodzi ndi amalonda osamutsidwawo.