Mwana wa msodzi anakamva ludzu ku Utah

Ambiri mwakhala mukundifunsa za zithunzi za miyala yofiira zija ndinaika pa status. Wina mpaka anati ndapita ku Mars. Ayi aise, ndi ku America konkuno, dera lotchedwa Moab. Koma kuseri kwa zithunzizo kuli nkhani yomwe sindinakuuzeni, ndiye khalani pansi.

Kuchoka ku Salt Lake City komwe ndikuphunzira kukafika ku Moab ndi maola anayi pagalimoto. Kuyambira March mpaka October alendo amadzaza ngati padoko tsiku lomwe usipa wafa wambiri, malo ogona amakwera mtengo, ndipo pakati pa chaka kutentha kumapitirira madigiri 38. Ndiye ife ana asukulu a matumba obooka timapita mu December kapena January. Kumbukirani kuti kuno miyezi imeneyi ndi yozizira koopsa. Timasonkherana ndalama ya mafuta, kunyamuka Lachisanu madzulo, kubwerako Lamulungu.

Malowo ndi paki yotchedwa Arches. Muli miyala yobooka pakati ngati zipata yoposa 2,000. Kufiirako ndi chitsulo cha m'mwalamo chomwe chinachita dzimbiri, ngati nangula wakale. Pansi pa miyalayo pali mchere womwe unasiyidwa ndi nyanja ina yomwe inaphwa zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo. Nditamva zimenezo ndinadzitama mumtima kuti basi, mwana wa msodzi wafika kwawo.

Kudzitama kumeneko n'komwe kunandipweteketsa. Oyang'anira pakiyo amalangiza kuti munthu aliyense azinyamula malita anayi a madzi patsiku. Ine ndinaseka. Kuzizira konseku, ndani angamwe madzi a m'chigubu chathunthu? Ndinatenga kabotolo kamodzi ka theka la lita. Inu mukudziwa, kwathu sitinyamula madzi. Ukamva ludzu uli m'bwato umangotunga ndi dzanja. Chimene sindinadziwe n'chakuti mpweya wa m'chipululu ndi wouma kwambiri, umakuyamwa madzi ngakhale usakutuluka thukuta.

Loweruka limenelo tinali anthu anayi, ndipo tinadzuka mochedwa. Tinayamba njira ya Devils Garden dzuwa litapendeka kale. Chigawo choyamba n'chosavuta, mpaka kukafika pa Landscape Arch, mwala wopyapyala wotambalala mamita oposa 80 m'mwamba ngati mlatho. Kupitirira pamenepo nkhani imasintha. Umayenda pamsana pa thanthwe, uku phompho uku phompho, mapazi a anthu osaoneka. Chokutsogolera ndi timilu ta miyala tomwe anasanja m'njira. Mbali zosafika dzuwa kunali madzi oundana, poterera ngati chambo chamoyo m'manja.

Cha m'ma 3 koloko kabotolo kanga kanali katauma. Mutu unayamba kugunda, milomo kung'ambika. Anzanga ankafuna tikafike pa Double O Arch kenako tizungulire njira yaitali yobwererera. Netiweki panalibe. Ndinayang'ana dzuwa, ndikudziwa kuti mu December kumeneko limalowa cha m'ma 5 koloko, ndipo likangolowa chisanu chimagwa nthawi yomweyo.

Apa m'pamene ndinakumbukira madala. Ndili ndi zaka 15 tinapita kokoka chilimira usiku, nyali zikuyaka, usipa utabwera wochuluka pansi pa bwato. Mwadzidzidzi bambo anaimirira, kumvetsera mphepo kumaso, n'kunena kuti, "Kokani, tizipita. Mwera ukubwera." Ine ndinapsa mtima kwambiri, chifukwa ndalama ya fizi inali ikusambira pansi pathu. Iwo anangoti, "Usipa udzakhalapo mawa. Iwe ndiye sindikudziwa." Tisanafike kumtunda mafunde anali atayamba kale kuthira madzi m'bwato.

Ndiye pathanthwe paja ndinauza anzanga kuti ine ndikubwerera, ndipo ndinaulula kuti madzi andithera. Manyazi anandigwira, sindinama. Mmodzi anadandaula kuti tayenda maola anayi pagalimoto kuti tidzabwerere panjira, zoona? Koma mtsikana wina wa ku Kenya yemwe tinali naye anandipatsa botolo lake, nati tibwerere tonse.

Pobwerera tinasochera kwa mphindi zingapo, timilu tija tosaoneka bwino chifukwa cha mithunzi. Kudutsa chidule sikunatheke. Dothi lakuda la kumeneko ndi lamoyo, ndi lomwe limagwira mchenga kuti usauluke, ndipo ukaliponda limatenga zaka zambiri kuti libwerere. Komanso chidule cha m'chipululu chimathera paphompho. Tinabwerera m'mbuyo mpaka pakamulu komaliza komwe tinakaona, n'kuyambiranso. Mnzathu wodandaula uja anaterereka n'kudzipweteka bondo, tinachita kumugwiriziza. Tinafika pagalimoto mdima utagwa, tikuunikira ndi matochi a mafoni, zala zitauma ndi chisanu. M'galimoto palibe anayankhula. Aliyense ankawerengera yekha komwe tikanakhala tikanapitirira.

Mu January ndinapitanso. Ulendo uno ndinasenza malita anayi, tochi yeniyeni, ndipo tinanyamuka m'mamawa. Tinakwera mpaka pa Delicate Arch, mwala womwe umajambulidwa pa nambala za magalimoto a ku Utah, ulendo wa makilomita pafupifupi asanu kupita ndi kubwera. Panali anthu owerengeka, chipale choyera pamwala wofiira, zii. Zithunzi munaziona zija ndi za tsiku limenelo. Za tsiku loyamba ndilibe n'chimodzi chomwe.

Ndalemba izi makamaka kwa inu amene mwayamba kuyendetsa maboti a injini, n'kumaona ngati madala akamati tibwerere ndi mantha a ukalamba. Anthu aja anaika anzawo ambiri m'manda. Kubwerera kwawo ndi komwe kunatilera.

Nditawaimbira bambo n'kuwafotokozera zonsezi, anaseka mpaka kutsokomola. Akuti, "Ndiye unakwera ndege ulendo wonsewo kukaphunzira kumwa madzi?"

Mundiperekere moni padoko. Ndipo wina andisungireko usipa wofutsa, kuno kulibe.