Kwa Wezi, za tsiku limene udzabwerere kuno

Ching'ambo,
Mzuzu.
22 Malichi 2025

Wokondedwa mwana wanga Wezi,

Kalatayi ndaiika m'kathumba ka chikwama chako kuti ukaiwerenge uli m'ndege, n'kukaibwerezanso ukakafika ku Japan, mtima utakhala m'malo. Za ulendo wopita akulangiza kale ambiri: abusa, azakhali ako, aphunzitsi ako a ku Mzuni. Akuuza za kuzizira, za kulimbikira sukulu, za kuchenjera ndi anyamata, ndipo zonsezo uzisunge. Ine ndikufuna ndikambe za ulendo umene palibe waukhudza, wobwerera kuno ku Ching'ambo. Ulendo umenewo umakonzedwa kuyambira tsiku lonyamuka, ndipo ambiri umawapweteka kuposa wopita.

Popita, munthu amadziwa kuti akupita kwa eni. Amayembekezera chakudya chachilendo ndi chiyankhulo chachilendo, ndipo akaphonya mwambo anthu amangoseka n'kumuwongolera, poti ndi mlendo. Pobwerera amabwera mosakonzeka, akuti kwathu ndikukudziwa. Akafika apeza kuti kwawoko sikunamudikire, iyenso anasintha osazindikira. Tsono apa womumvera chisoni palibe, chifukwa aliyense akuti uyu ndi mwana wa pompano.

Zimenezi ndinaziona ndili mtsikana kwathu ku Ntcheu. Amalume anga anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni, kumene anapita pa TEBA. Anafika ndi sutikesi yachitsulo, njinga, wailesi ndi jekete lalikulu, mudzi wonse unasonkhana. Chisangalalo chitatha, iwo ankangokhala pakhonde, wailesi ili pamwendo, kuyang'ana kumsewu. Nsima ya mgaiwa ankati ndi yokhakhala, madzi a pachitsime ankati akununkha dothi, ndipo nkhani iliyonse inkayamba ndi "ku Joni". Anzawo a bawo anayamba kuwalambalala, ana n'kuwapatsa dzina loti a Kujoni. Anthu ankati ndi matama. Koma munthu wamatama sakhala yekha pakhonde mpaka dzuwa kulowa. Amalume anali atasungulumwa pakati pa abale awo, ndipo panalibe wowauza kuti zimachitika ndiponso zimatha. Anagulitsa njinga ija n'kubwereranso pa selefu, nakhala mtchona mpaka imfa.

Usaganize kuti vutoli limagwira osaphunzira okha kapena Amalawi okha. Ukakasintha ndalama, ukayang'anitsitse pepala la 5,000 yen limene linatuluka mu Julaye 2024. Mayi ali pamenepo ndi Tsuda Umeko. Boma la Japan linamutumiza ku America mu 1871 pamodzi ndi atsikana ena anayi, iye ali ndi zaka 6 zokha. Pobwerera mu 1882 anali atatsala pang'ono kuiwaliratu chiyankhulo cha makolo ake, ndipo dziko limene linamutumiza linalibe ntchito yoyenera mkazi wophunzira chotero. Anavutika, anaphunzitsako, anapitanso ku America ku Bryn Mawr College mu 1889, nabwereranso kwawo mu 1892. Mu 1900 ndi pamene anatsegula sukulu yake ya atsikana, imene lero ndi Tsuda University. Uwerengetse wekha: kuchokera pamene anabwerera koyamba kufikira pamene ntchito yake inaoneka panapita zaka 18. Mpaka lero ana a ku Japan okulira kunja amavutika akabwerera kwawo, moti mayunivesite ena anawakonzera mayeso apadera olowera.

Ndalama zathu nazonso zili ndi anthu obwerera. Pa K1,000 pali Kamuzu Banda, amene anachoka ku Kasungu ali mnyamata, nakhala ku South Africa, America, Britain ndi Ghana. Anatera pa Chileka pa 6 Julaye 1958 patapita zaka zoposa 40, ndipo pamisonkhano ankayankhula Chingerezi, wina n'kumamasulira. Pa K500 pali John Chilembwe, amene anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, naphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, nabwerera mu 1900 kudzayambitsa mishoni ya PIM ku Mbombwe, ku Chiradzulu, ndi tchalitchi ndi sukulu zake. Onsewa timawakumbukira chifukwa cha zimene anachita atabwerera. Kukwera sitima kapena ndege ambiri anakwera, maina awo anaiwalika.

Tsono tiye tikambe za iwe. Zaka zitatu zimene ukakhale kumeneko thupi lako likazolowera zinthu osakufunsa. Ukazolowera sitima yofika pa mphindi yolembedwa, anthu okhala duu m'sitimamo, madzi otuluka nthawi iliyonse ukatsegula mpopi, zinyalala zosankhulidwa m'matumba osiyanasiyana, chipinda chako chokha chimene salowamo munthu osagogoda. Udzafika kuno nyengo ya mvula, matope a m'njira yathu adzakulandira. Minibasi pa depoti siidzanyamuka mpaka itadzaza, magetsi adzazima nsima ili pamoto, msonkhano wa 9 koloko udzayamba cha m'ma 10, ndipo anansi adzalowa m'nyumba ndi "odi" mmodzi yekha n'kukhala mpaka madzulo. Zinthu zimene wakula nazo osaziona zidzayamba kukubaya m'maso. Udzapsa mtima ndi zazing'ono, kenako udzachita manyazi kuti wapsera mtima amayi ako. Usiku tulo tidzasowa, ndipo udzapukwa dziko la eni uli pabedi lako lomwe. Zikadzachitika usadzadziyese woipa mtima. Ndi mmene munthu amakhalira akakhala ndi kwawo kuwiri.

Nafenso sitidzakhala chikhalire. Anzako a ku sekondale udzawapeza ali pabanja, nkhani zawo zili za ana ndi lendi. Mng'ono wako adzakhala atalanda chipinda chako, ndipo sadzakhalanso kamwana kotumidwa madzi. Mitengo ya zinthu usaisunge m'mutu: ukukumbuka mu Novembala 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, momwe sopo ndi shuga zinadumphira. Ukadzapita pa msika wa Zigwagwa, udzayambe wafunsa mng'ono wakoyo mtengo wa usipa usanakangane ndi wogulitsa.

Uli konko, chita izi. Chichewa chathu ndi Chitumbuka cha kwa abambo ako usazisiye zichite dzimbiri. Nthawi ya ku Japan ili patsogolo ndi maola 7, choncho Lamlungu ife tikamatuluka m'tchalitchi masana, kwa iwe kudzakhala kutada. Imeneyo ikhale nthawi yathu. Uziyimba foni timve mawu ako, zithunzi za pa WhatsApp zokha sizikwana. Poyimbapo usamangotisimbira zako, uzifunsanso zathu: ndani wadwala, chimanga chabereka bwanji, denga la kukhitchini latha kapena ayi. Agogo ako ku Euthini uziwayankhula m'chiyankhulo chawo, ngakhale lilime likulemera. Ukalembetse dzina ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Tokyo, ndipo ukafunefune Amalawi anzako.

Koma usakadzitsekere m'chipinda n'kumangokhalira foni ya kumudzi. Phunzira Chijapani, idya zimene akudya, vula nsapato pamene akuvula, werama pamene akuwerama. Amene anakhala bwino kwa eni ndi amene amadziwanso kudzichepetsa pophunziranso za kwawo. Ndalama imene boma lawo lizikupatsa mwezi ndi mwezi uzipatulako yosunga, chifukwa ntchito kuno siidikira munthu pa bwalo la ndege, ndipo miyezi yoyamba yopanda malipiro imawawa kwambiri kwa munthu amene anthu akumuyesa wolemera.

Pa nkhani ya kulemerayo ndikuchenjeze. Kuno Japan timaidziwira pa galimoto zodzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, ma Sienta adzadza m'tauni muno aja. Asuweni ako ena ayamba kale kundifunsa ngati ungawatumizireko imodzi, akuyesa kuti kumeneko zimangotoledwa. Uziwayankha mwaulemu ndi moona kuti ndiwe mwana wasukulu. Usalonjeze chimene sungathe, ndipo usadzalowe m'ngongole pofuna kufika ndi masutikesi odzaza. Kamphatso kakang'ono koperekedwa ndi manja awiri kamakwana. Wodandaula adzadandaula ngakhale utamupatsa galimotoyo.

Ine ndagula kope. M'menemo ndizilemba maliro onse a pachibale, a mumpingo ndi a m'dera lathu amene achitike iwe kulibe, pamodzi ndi ana obadwa ndi maukwati. Ukadzafika, usanapite kukaonetsa digiri kulikonse, tidzatenga kopelo, udzamanga chitenje, tidzayenda khomo ndi khomo kukapepesa. Udzakhala pamphasa, udzapereka chipepeso chako, udzamvetsera mmene matenda anayambira mpaka mmene anaikira, osayang'ana wotchi. Kenako udzapita ku Euthini kukagwada pamaso pa agogo ako n'kugonako masiku angapo. Anthu akaona kuti wadzalira nawo, zotsala zonse amakukhululukira, ngakhale Chichewa chitamakuthawa pakamwa.

Lilime ulisamale. Mawu oti "ku Japan" adzafuna kutuluka pa nkhani iliyonse, iwe uziwameza kawiri n'kuwatulutsa kachitatu. Anthu adzakufunsa kuti kunali bwanji, koma ambiri adzafuna yankho lalifupi, ndipo ukadzayamba kufotokoza za chipale chofewa udzaona maso awo apita kwina. Usadzakhumudwe. Iwonso zaka zitatuzo anali ndi moyo wawo, anadwala, anasowa mafuta a galimoto, anakwirira abale, ndipo akufuna wowamvera. Nkhani zako zazitali udzasungire ine ndi anzako amene anapitako kunja. Amenewo uwafunefune, chifukwa adzakumvetsa usanamalize chiganizo.

Ku ntchito n'kumene ambiri amagwa. Mwina udzakhala pansi pa bwana amene maphunziro ake ndi ochepa kuposa ako, mu ofesi yopanda zipangizo zimene unazolowera. Usadzafike ndi mawu oti zonse mukulakwitsa. Amene anatsala kuno akhala akuyendetsa ntchito ndi zochepa, ndipo akudziwa chifukwa chimene paipi inadzera apa osati apo, mfumu yoyenera kuyamba kuonana nayo, mwezi umene msewu suyendeka. Miyezi yoyamba udzafunse kwambiri, udzanene pang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komabe sindikuti udzabise zimene waphunzira kuti anthu akukonde. Kumeneko kungakhale kuba, chifukwa malo amene wapatsidwawo anawafuna ambiri. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo iwe udzakhala mlendo ndi mwana wa pakhomo nthawi imodzi. Ukupita kukaphunzira za madzi m'dziko lodziwa kulimbana ndi mvula yamkuntho ndi madzi osefukira. Ukukumbuka mvula ya mu Epulo 2016, momwe nyumba zinagwera mumzinda uno, anthu n'kukagona m'masukulu ndi m'matchalitchi. Ngalande zathu ndi zomwe zija, nyumba zikumangidwabe m'madambo, zimbudzi zikukumbidwabe pafupi ndi zitsime. Chilichonse chimene ukaone kumeneko uzidzifunsa kuti, ichi chingatheke ku Ching'ambo ndi ndalama zathu ndi manja athu? Zotheka uzilemba. Kusunga nthawi, kumaliza ntchito bwinobwino ndi kusatenga cha mwini usadzazisiye pa bwalo la ndege. Udzazichite iwe mwini tsiku ndi tsiku osalalikira, ofuna kutengera adzatengera.

Ngati mtima udzalemere kupitirira miyezi, chakudya osalowa, anthu osafuna kuwaona, udzandiuze. Ukadzaona kuti kwa ine n'kovuta, pali azakhali ako, pali abusa, ndipo mumzinda momwe muno a St John of God ali ndi aphungu othandiza pa nkhawa ndi matenda a maganizo. Kupita kumeneko si misala ndipo si manyazi.

Pali chinanso chimene sindingakubisire. Ena akapita sabwerera kudzakhala. Legson Kayira wa ku Chitipa, amene anaphunzira ku Livingstonia, ananyamuka wapansi mu 1958 kufunafuna sukulu, anafika ku Khartoum, nakalowa Skagit Valley College ku America mu 1960. Moyo wake wambiri anakhala ku England, ndipo anamwalirira ku London mu 2012, koma mabuku ake anali a kuno ndipo dzina lake timalitchula monyadira. Ngati tsiku lina ntchito kapena banja zidzakuitanire kunja, sindidzakutemberera. Chimene ndikukana n'choti udzathawe kwanu chifukwa cha kuwawa kwa miyezi yoyamba, ngati amalume aja. Udzayambe wakhala chaka chathunthu, udzaone dzinja ndi chilimwe, udzadye chimanga chachiwisi ndi kuotha moto wa mu Juni, ndipo pamenepo udzasankhe mutu uli bwino.

M'chikwama chachikulu ndaikamo mapaketi awiri a khofi wa Mzuzu. Imodzi ukapatse mphunzitsi amene azikakuyang'anira, poti anthu a kumeneko amalemekeza mphatso ya mlendo, inayo ndi yako. Zitenje zili pansi pa majuzi. Pasipoti isachoke pathupi pako mpaka ukafike, ndipo ukangotera utidziwitse, ngakhale kuno kutakhala pakati pa usiku, chifukwa abambo ako sagona mpaka atamva.

Pita bwino, mwana wanga. Mulungu akutsogolere popita, akusunge kwa eni, ndipo adzakubweze kuno uli wamoyo ndi wamtendere.

Ndine amayi ako okukonda.