Kafupa kakang'ono ka m'khutu mwanga

Matenda anga madokotala amawatchula kuti osteogenesis imperfecta, koma kwathu ankangoti ndine mwana wa mafupa osalimba. Ndinatengera bambo anga, pamodzi ndi maso omwe mbali yoyera ija imaoneka ya buluu. Thupi langa silipanga bwino kolajeni, yomwe imalimbitsa mafupa, choncho ndinakulira m'chikhakha. Aliyense ankayang'anira miyendo yanga. Zoti m'khutu mulinso mafupa palibe anatiuza, chonsecho pafupifupi theka la akuluakulu a matendawa amadzavutika kumva.

Kwa ine zinayamba nditapitirira zaka 25. Khutu lakumanzere linkalira ngati nyenje usiku wonse. Mayi akandiitana ali kumbuyo kwanga sindinkayankha, ndipo abale anayamba kunong'onezana kuti ndayamba matama. Izi zinandipweteka kuposa kuthyoka kulikonse, chifukwa mwendo wothyoka anthu amauona n'kukumvera chisoni. Chodabwitsa, mu minibasi ndinkamva bwinoko, poti mmenemo aliyense amakuwa.

Dokotala wa makutu anamenya kachitsulo kamphanda n'kukaika pafupa la kuseri kwa khutu langa. Ndinakamva bwinobwino. Atakabweretsa pakhomo pa khutu, kunali zii. Anandifotokozera kuti mitsempha yomvera ikugwirabe ntchito, koma kafupa kotchedwa stapes, kakang'ono kwambiri m'thupi lonse, ka mamilimita atatu okha, kauma ndipo sikakugwederanso.

Sanandibisire kanthu za opaleshoni yokonza kafupako. Anati mwa anthu ngati ine kafupako kamakhala kokhuthala koma kofewa, magazi amatuluka ambiri, ndipo nthawi zina, ngakhale si kawirikawiri, khutu limaferatu. Ndinapita kunyumba ndili kakasi. Ndinavomera chifukwa mwana wanga anali atayamba kulankhula, ine n'kumangoona milomo yake.

Ku fiyeta anandigwira mosamala kwambiri. Pondigoneka, namwino mmodzi anagwira mutu wanga ndi manja onse awiri kuti khosi lisapindike, ndipo ndinamuuza kuti, "Asisi, nthiti zangazi muziziyang'aniranso." Dokotala anadzera m'bowo la khutu momwemo, n'kutukula kachikopa ka mkati mwa khutu, n'kuchotsa timiyendo ta kafupako. Kenako anaboola kabowo kosafika milimita imodzi, n'kuikamo kachitsulo ka titanium komwe anakakoleka pa kafupa koyandikana nako. Opaleshoniyi amaitcha stapedotomy.

Masiku oyamba ndinkachita chizungulire moti kubafa ankandigwira dzanja. Nsima inkamveka chitsulochitsulo mbali imodzi ya lilime, chifukwa mtsempha wolawira umadutsa m'khutu momwemo. Anandiletsa kumina, kunyamula zolemera ndi kulowetsa madzi m'khutu, ndipo kuyetsemula kunali kotsegula pakamwa.

Atachotsa thonje lomwe anaika m'khutumo, phokoso linandichulukira. Mbale zikagundana ndinkadzidzimuka. Madzulo ena mwana wanga anati ali kuchipinda china, "Amama, madzi atha," ndipo ndinayankha ndisanaganize n'komwe. Ndinakhala pansi n'kulira.

Sikuti zonse zinabwerera. Mawu aang'onoang'ono, ngati a mbalame zakutali, amandidutsabe, chifukwa matendawa afikanso mkatikati mwa khutu, kumene opaleshoni sithandiza. Kukhutu lakumanja ndimavala kachipangizo kothandiza kumva, ndipo za opaleshoni yachiwiri sindinaganize bwino. Mwana wanga naye maso ake ndi a buluu. Tsiku lomwe ndimapita kukayezetsa makutu anga, naye amalowa m'kachipinda koyezera, ndipo zotsatira zake ndimazisunga m'buku lake lakuchipatala.