Laisensi Tili Nayo, Payslip Ikalibe

Tikakwera basi kuseni titavala yunifomu yoyera na kawochi pachifuwa, ba kondakita satichotserako olo ngwee imodzi. Wina akadandaula kuti ndalama zachepa amamuleka akwere. Ise tikayesa, basi yonse imaseka: "Ba nurse, imwe mufola!" Sitikangana nawo. Tingayambire pati kufotokoza kuti yunifomu tinasoketsa na ndalama za amayi, nsapato ni za pa salaula, ndipo kumene tipitako tisebenza mahala?

Tili ambiri mu Lusaka muno. Tinaphunzira zaka zitatu za diploma, tinalemba mayeso a Nursing and Midwifery Council of Zambia, ija imene ba sister akuluakulu akali kuitcha General Nursing Council ngakhale dzina linasintha na lamulo la 2019. Tinaphasa, tinalembetsa, laisensi inatuluka. Ndalama za sukulu zinachokera kosiyanasiyana. Kwa ena zinali za chilimba cha amayi kumsika, kwa ena atate anagulitsa puloti, ndipo alipo amene banja lawo likali kubweza kaloba mpaka lelo. Tsiku la graduation onse anavina podziwa kuti mavuto atha.

Mu 2022 boma linalemba nchito anthu a zaumoyo oposa 11,000 pa nthawi imodzi. Tikumbukira usiku umene maina anatuluka, aliyense maso pa foni, bundle ikutha, tikusakila dzina m'mndandanda wautali uja. Anzathu ena anapezeka, anamanga katundu kupita kumaboma akutali kumene sanaganizirepo kuti angakakhale. Ena sitinapezeke. Ena tinali tikali kusukulu, tinabwera kudzaima kumbuyo kwa mzere. Makoleji chaka chilichonse amatulutsa anesi atsopano, ndipo mzerewo sufupika.

Manje anthu amatifunsa kuti, ngati sakulipirani, mupitiranji? Khalani panyumba, kapena gulitsani talk time.

Yankho lathu ni lakuti dzanja limaiwala. Zam'buku zimakhalako m'mutu, ungaziwerengenso. Koma kupeza mtsempha pa dzanja la mwana wa miyezi isanu amene watsegula m'mimba masiku atatu, khungu lafota, mitsempha yabisala, zimenezo zimakhala m'zala. Umafufuza na chala, umamva kamtsempha kakuthawa, umadziwa kupendeka kwa cannula, umadziwa poimira magazi akangoonekera. Ukakhala miyezi ingapo osagwira, zala zimabwerera ku first year.

Mnzathu wina anakhala miyezi isanu na itatu m'kabooth ka mobile money. Atabwerera ku kiliniki, sabata yoyamba anamupatsa mwana wotere. Analasa koyamba, anaphonya. Kachiwiri, anaphonyanso. Mwana analibe na mphamvu yolira, amake anali kungomuyang'ana mnzathuyo kumaso osakamba kanthu. Ba sister in-charge anafika, anamugwira paphewa kuti asendere, anaika cannula kamodzi chabe. Sanamukalipire pamaso pa anthu. Pa tea break anangomuuza kuti, "Mwana wanga, ukaphonya kawiri uziitana mnzako. Mitsempha ya mwana si yambiri." Mnzathuyo analira mu toilet, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanajombepo. Ku booth amapitako pa weekend.

Si cannula yokha. Kuwerengera madontho a drip pa mphindi, kulemba partograph mzimayi ali mu labour na kuona msanga kuti mzere wayamba kupita kolakwika, kulowetsa odwala mu SmartCare pamene mzere wa ku OPD wafika panja, zonsezi zimafuna kuzichita kawirikawiri. Malangizo a mankhwala nawo amasintha, makamaka ku ART. Ukakhala kunyumba chaka chathunthu umabwera na nzeru zakale.

Koma tisanamizane, kusebenza mahala kuli na mtengo wake, ndipo amene aulipira ndise. Shift ni imodzimodzi na ya amene afola. Night duty ni imodzimodzi, udzudzu ni umodzimodzi. Laisensi ifunika kuikonzanso chaka chilichonse, ndalama zake zichoka m'thumba lako lomwe lija lopanda kanthu. Ndipo chinthu chikalakwika, palibe adzakamba kuti musiyeni, ni volunteer chabe. Dzina lili pa drug chart ni lako, laisensi imene ingalandidwe ni yako.

N'chifukwa chake pali zinthu zimene timauzana tekhatekha, zimene kukoleji sanatiuze. Usayambe kusebenza pamalo popanda kalata yokuvomereza, yosainidwa, ndipo kope lake usunge kunyumba, chifukwa pa tsiku lofunsira nchito mawu apakamwa sawerengedwa. Saina m'buku tsiku lililonse umene wabwera. Usasainire mankhwala amene sunapereke na dzanja lako, ngakhale amene akupempha ni munthu amene umamulemekeza, makamaka aja a m'kabati yokhoma monga pethidine. Nyeleti yogwiritsidwa kale ikakulasa, usabise poopa kuti adzakuona ngati wosadziwa nchito. Samba, uza in-charge nthawi yomweyo, yamba PEP mwamsanga. Ikapita maola 72 mwayi wapita, ndipo mankhwalawo ni a masiku 28, uwatsirize. Tidziwa wina amene anabisa masiku awiri chifukwa cha manyazi. Anapulumuka, koma miyezi yoyembekezera zotsatira za magazi inamuondetsa.

Ndipo munthu akakutumira meseji kuti ali na wachibale ku ofesi, umutumireko kangachepe akuike pa list, ameneyo ni kawalala. Ena mwa ise tinaphunzira zimenezi titatumiza kale.

Kolera itabuka mu Lusaka kumapeto kwa 2023, mpaka mu January 2024 Heroes Stadium inasanduka chipatala ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa, ambiri amene anathamangirako anali anthu opanda payslip. Mabedi aja obooka pakati, ndowa pansi, fungo la chlorine lokakamira m'zovala, matumba a Ringer's lactate kutha limodzi pambuyo pa linzake. Munthu wobwera atanyamulidwa, maso atalowa mkati, ukamupezera mtsempha msanga, pakapita maola angapo akhala tsonga na kupempha madzi. Pamenepo m'pamene tinaona poyera kuti nchito ilipo yambiri kuposa manja. Chimene kulibe ni malo pa payroll.

Apa m'pamene timasiyana maganizo tikakumana. Ena amati tikapitiriza kutseka mipata mahala, akuluakulu sadzaona kuti pali mpata. Wodi imene ifunika anesi asanu ili na awiri olipidwa na atatu odzipereka, ndipo pa lipoti zioneka kuti zonse zili bwino. Amene akamba zimenezi sanama. Ena amayankha kuti chabwino, tileke, nanga mayi uja wafika 02:00 usiku mwana atatsamira, adikire budget ya chaka chamawa? Nawonso sanama. Takangana nkhaniyi kambirimbiri ndipo sitinaimalize. Chimene tinagwirizana n'chakuti mnzathu akatopa n'kuleka, akapita kukasebenza mu pharmacy, kusamalira nkhalamba panyumba ya munthu, kapena kugulitsa zovala, sitimunena. Lendi salipira na kalata yoyamikira.

Achibale amakonda kutiuza kuti, "Bwanji osangopita ku UK?" ngati ni ku Kabwe. Njira ilipo, koma ni yaitali. Pafunika mayeso a Chizungu, IELTS kapena OET, mayeso a pa kompyuta a CBT, kenako OSCE ukafika kumeneko, ndipo chilichonse chili na mtengo wake. Kuyambira 2023 Zambia ili pa mndandanda wa WHO wa maiko amene anthu a zaumoyo ni ochepa, motero ma agent a ku Britain saloledwa kubwera kudzakopa anesi kuno. Ungafunsire wekha mwachindunji, koma amene akulonjeza kuti adzakukonzera zonse ukamupatsa ndalama, muyang'anitsitse kawiri. Ndipo pa fomu pali funso lakuti unasebenza kuti, kwa nthawi yaitali bwanji. Tabwereranso ku wodi ija ya mahala.

Mng'ono wa mmodzi wa ise walemba Grade 12 ndipo afuna nursing. Anabwera kudzatifunsa tili pamodzi. Tinamuuza zimene tidziwa: afunika ma credit asanu, kuphatikizapo English, Mathematics na sayansi, ndipo asanalipire olo kwacha imodzi afufuze ngati kolejiyo ni yovomerezeka na Council. Afunsenso kuti ophunzira ake amachitira kuti ma practical, chifukwa nyumba yokongola yopanda wodi siphunzitsa zala. Kenako tinamufunsa ngati anasambitsapo munthu wamkulu amene wadziipitsira, ngati angaime maola ambiri osakhala pansi, ndiponso ngati panyumba angakwanitse kumudyetsa chaka china kapena ziwiri atatsiriza. Anakhala chete pang'ono, n'kunena kuti ambuye ake atadwala stroke ni iye anali kuwasambitsa. Sitinamuletse. Sitinamulimbikitsenso kwambiri. Tinamupatsa buku lathu lakale la anatomy, lija lothothoka chikuto.

Mukomboni mwathu dzina lathu linasintha kale. Palibe atiitana dzina la ubatizo, ndise "ba nurse" basi. Amagogoda usiku mwana akatentha thupi, amabwera na makadi a ku sikelo kuti tiwawerengere, ba neba amafuna tiwapime BP pa Sande tikachoka ku tchalitchi. Timawauza kuti apite ku kiliniki akapimitse malaria asanamwe Coartem wotsala wa mwezi watha, ena amamvera, ena amati tayamba kudzimva.

Madzulo ano malaiti apita, tasita yunifomu na nsimbi ya malasha, mosamala kuti phulusa lisagwerepo. Tili pa night. Potuluka pa geti amayi amasula mfundo ya chitenge, atulutsa ndalama za tomato wa lelo, awerenga yopitira na yobwerera. "Ba nurse, tengani ya basi. Mukafike bwino."